Ngwee imodzi ya Januwale ndi nambala yokana kugawidwa

Chaka chilichonse ana anga a Grade 12 ku Chilenje, mu Lusaka, ndimawatchera msampha uwu. Pa 1 Januwale ponyani ngwee imodzi m'chitini, mawa lake ziwiri, mkuja zinayi, tsiku lililonse kuwirikiza za dzulo. Pofika pa 31, m'chitinimo muli zingati? Ambiri amati mwina ya basi yokafika ku Kulima Tower. Ayi ndithu. Muli ngwee 2,147,483,647, zomwe ndi K21,474,836.47.

Tsopano tengani ngwee zonsezo mupite nazo ku chilimba, mugawane mofanana popanda yotsala. Anthu awiri sizitheka, atatu sizitheka, ngakhale mutaitana Matero yonse. Nambalayi imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Pa masamu yotere timaitcha prime.

Mtundu wake ndi wapadera. Lembani 2 ka 31, muchulukitse onsewo, muchotsepo 1, mwaipeza. Ma prime opangidwa motere amatchedwa a Mersenne, potengera wansembe wa ku France, Marin Mersenne. Koma musaganize kuti njirayi imabala prime nthawi zonse. Mukalemba 2 ka 11 n'kuchotsa 1 mupeza 2047, yooneka ngati yolimba, chonsecho ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Pamenepa ana ambiri amagwa.

Amene anatsimikiza kuti yathuyi sigawika ndi Leonhard Euler, mu 1772, maso ake atatsala pang'ono kufa onse. Kuwerengera kwake sikundidabwitsa kwenikweni, chimene ndimasirira n'chakuti anadziwa zoti asawerengere. Nambala ikamagawika, mmodzi mwa oigawa amakhala wamng'ono, ndipo kwa iyi sangapitirire 46,340, chifukwa 46,341 mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mwadutsa kale. Chinanso, prime aliyense woti n'kuigawa ayenera kutsala ndi 1 mukamugawa ndi 62. Ndiye 3, 5, 7, 11 ndi anzawo mazanamazana amachoka pamzere musanawayese n'komwe. Woyamba kuyesedwa ndi 311. Otsalawo anayesedwa mmodzimmodzi, palibe analowa.

Nanga inu a ku Kamwala ogulitsa mafoni zikukukhudzani bwanji? Kompyuta ikasungira nambala malo a 32-bit, kutanthauza malo 32 osunga 0 kapena 1, malo amodzi amapita ku chizindikiro cha kuphatikiza kapena kuchotsa, otsala 31 ndiwo chitini chathu chija, popeza aliwonse amawirikiza mtengo wa am'mbuyo mwake ngati ngwee zija. Sichilandira kuposa 2,147,483,647. Makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo chitini chawo chidzadzaza pa 19 Januwale 2038, nthawi ya ku Lusaka itakwana 05:14:07 m'mawa. Sekondi yotsatira, makina osakonzedwa adzaganiza kuti ali mu Disembala 1901. Atsopano anasamukira ku 64-bit, koma timakina tina tating'ono tobisika m'zipangizo zakale tikadawerengabe mwachikale.