Nsenjere ndi nthawi yake yodula

Alimi ambiri a ng'ombe za mkaka m'maboma a Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje alibe malo odyetsera, choncho ng'ombe zawo zimakhala m'khola ndipo chakudya amachita kuzibweretsera. Pa ulimi wotere udzu umene umadalirika kwambiri ndi nsenjere, womwe akatswiri amautcha Pennisetum purpureum. Udzuwu ndi wa kuno ku Africa, ndipo ukabzalidwa kamodzi umaphukiranso kwa zaka zingapo.

Kubzala kwake sikuvuta. Mvula ikakhazikika, mlimi amadula mapesi okhwima kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu, n'kuchizika mopendeketsa, mfundo ziwiri pansi ndi imodzi pamwamba, m'mizere yotalikirana pafupifupi mita imodzi. Malo amene madzi amadikha nthawi yaitali sayenera, chifukwa mizu imawola.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa kadulidwe. Mlimi akaona nsenjere itatalika kuposa denga la khola amasangalala kuti chakudya chachuluka, koma pamenepo zakudya zomanga thupi zimakhala zitachepa kale, phesi laumitsa ngati bango, ndipo ng'ombe imangobudula masamba n'kusiya zotsalazo m'chodyeramo. Mkaka ukayamba kutsika, mlandu umagwera ng'ombe kapena amene anaigulitsa, pamene vuto lili kumunda. Nsenjere iyenera kudulidwa ikafika pafupifupi mita imodzi, zomwe m'dzinja zimachitika pakatha masabata 6 mpaka 8 chidulireni. Kudula udzu wanthete kwambiri nakonso sikuthandiza, popeza umakhala madzi okhaokha ndipo chitsa chimafooka. Podula, mlimi asiye chitsa cha masentimita 10 mpaka 15 kuti mphukira zituluke bwino, ndipo udzuwo auduledule ndi chikwanje tizidutswa tating'ono, kuti ng'ombe isathe kusankha masamba okha.

Udzuwu umadya chonde kwambiri. Mtolo uliwonse wopita kukhola umachotsa mchere wa nayitrojeni m'nthaka, ndiye ndowe ziyenera kubwerera kumunda nthawi iliyonse mukadula, zikwiriridwe pakati pa mizere osati kungomwazidwa padzuwa. Munda umene sulandira manyowa umayamba kutulutsa masamba achikasu ndi mapesi owonda.

Ngakhale yodulidwa pa nthawi yake, nsenjere payokha sikwanira kwa ng'ombe imene ikukamidwa. Imafunika kuphatikiza ndi madeya, masangwi a mtedza kapena masamba a lukina, koma lukinayo asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudyacho chifukwa akachuluka amadwalitsa. M'chilimwe nsenjere imaima kukula ngati palibe chinyezi, choncho yotsala ya m'dzinja ndi bwino kuifotetsa pang'ono, kuiduladula, kuitsendera m'dzenje loyalamo pulasitiki ndi kutseka kuti mpweya usalowe, kuti ikhale sayileji wodyetsa mu Seputembala ndi Okutobala pamene msipu watha.