Chiphaso cha m'dera si chilolezo chokhala ku America

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi, ndipo yanditopetsa: akuti ku America matchalitchi ndi mizikiti amapereka ziphaso zosandutsa mlendo wopanda mapepala kukhala nzika, mpaka kumavota. Abale, si zoona.

Ziphaso za m'dera zilipodi, koma ntchito yake ndi ina. Mzinda wa New Haven, ku Connecticut, unayamba kupereka chake mu 2007, ndipo ku Greensboro, m'chigawo cha North Carolina, azipembedzo zosiyanasiyana anayambitsa chawo mu 2013 mogwirizana ndi apolisi akumeneko. Munthu amabweretsa pasipoti kapena chitupa cha kwawo, ndi umboni wa komwe akukhala, monga bilu ya magetsi, n'kujambulidwa. Khadiyo imasonyeza zinthu monga nkhope, dzina ndi adiresi. Imathandiza mayi kudzidziwitsa kuchipatala kapena kusukulu ya mwana wake, komanso munthu woberedwa kukadandaula kupolisi mopanda mantha ambiri. Kwa ine imeneyi ndi ntchito yaikulu kale, yosafunika kuikometsera ndi bodza.

Chilolezo chokhala m'dziko, chogwira ntchito ndi unzika, zimaperekedwa ndi boma lalikulu la dzikolo lokha. Khadi ya m'derayi si laisensi yoyendetsera galimoto, ndipo madera ena saivomereza n'komwe.

Mukamva zotere, tsegulani tsamba la mzindawo kapena la gulu lopereka khadilo pa intaneti, muwerenge pomwe alemba zomwe khadiyo singachite. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda mwini musautumize kwa m'bale amene ali kunja, angaudalire n'kugwa m'mavuto.