Angie Dickinson: zaka 20 ali pambali pa amuna amfuti, kenako mfuti anaigwira yekha

Mwezi wathawu mtsikana wina mugulu lomwe ndimaphunzitsa zisudzo anandibwezera sikiripiti, akuti "aphunzitsi, mizere folo yokha basi? Nde ndizivutikiranji kubwera ku rihesalo tsiku ndi tsiku?" Gawo lake linali la mkazi wa sajeni wapolisi, kulowa, kuika tiyi patebulo, kufunsa bamboyo ngati abwereko msanga, kutuluka. Sindinamukalipire ayi, sinanga nanenso ndili mnyamata ndinkangofuna kukhala ekita, uja safa mpaka filimu kutha. Ndinangomuuza kuti akasake dzina la Angie Dickinson aone zomwe mayi ameneyu ankachita ndi magawo ngati omwewo, ndipo poti ambiri a inu mumandifunsa kuti ntchito ya ekita imayenda bwanji kuchoka pansi mpaka pamwamba, ndati tikambe za iyeyu.

Dzina lake lobadwa nalo ndi Angeline Brown, anabadwa pa 30 September 1931 m'katauni kotchedwa Kulm ku North Dakota, America. Bambo ake ankasindikiza nyuzipepala ya m'deralo. Banja linasamukira ku Burbank, California mu 1942, kufupi ndi kumene kuli masitudiyo a mafilimu, koma iye anayamba ndi ntchito ya usekilitale. Dzina loti Dickinson ndi la mwamuna wake woyamba yemwe anakwatirana naye mu 1952. Chitseko chinatseguka kudzera pa mpikisano wa chiphadzuwa, komwe anthu a pa TV anamuona n'kumutenga kuti azikaima m'gulu la atsikana okongoletsa pologalamu. Kuima basi, kumwetulira, osayankhula.

Apa mpofunika mumvetse mmene msika unalili nthawi imeneyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 TV ya ku America inadzaza ndi makauboyi, mu 1959 mapologalamu a mtunduwu anali oposa 20 pa sabata. Chifukwa chake sichovuta, anali otchipa kupanga, tauni yamatabwa ija ukaimanga kamodzi umaigwiritsa ntchito zaka, mahatchi alipo kale, zovala zilipo kale. Ndiye pologalamu iliyonse imakhala ndi ekita wake wokhazikika, wamwamuna, koma sabata iliyonse pamafunika nkhope yatsopano, mkazi wamasiye yemwe akumulanda munda, mwana wa mwini famu, mtsikana wa m'bala. Ameneyu kuntchito kwathu ndi ekita wachilendo, amabwera gawo limodzi, kulandira yake n'kumapita. Angie anazungulira m'mapologalamu ngati Death Valley Days, Gunsmoke, Cheyenne ndi Wagon Train, komanso a milandu ngati Perry Mason ndi M Squad.

Anthu amaiderera ntchito imeneyi koma ine ndimati ndi sukulu yoposa ina iliyonse. Ukufika Lolemba pakati pa anthu omwe akhala limodzi zaka, sakudziwa ndipo alibe nthawi yoti akudziwe, gawo lonse lijambulidwe masiku owerengeka, dairekita sangakubwerezere siini kakhumi chifukwa tepi ndi ndalama, ndiye uyenera kudziwa poima osayang'ana pansi, kudziwa komwe kuli kuwala, kulira pomwe akuuza kuti lira ngakhale kuti siini yokuliritsayo muijambula mawa. Ukapanga zimenezi makumi angapo kamera sumaiopanso.

Mwayi waukulu unabwera ndi Rio Bravo ya mu 1959, dairekita Howard Hawks. Ekita ndi John Wayne ngati sherifu, pali Dean Martin chidakwa chomwe chikuyesa kusiya mowa, Walter Brennan nkhalamba yotsimphina, ndi Ricky Nelson kamnyamata kodziwa mfuti. Nkhani ndi ya amuna okhaokha, akusunga mkaidi m'selo pomwe achimwene ake olemera atumiza zigawenga kuti zimutulutse. Angie ndi Feathers, mkazi wotchova juga yemwe wangotsika m'ngolo ya apaulendo. Papepala ndi gawo lija la mkazi woti ekita azimukonda akapuma kuwombera.

Koma taonani siini yomwe sherifu akumuganizira kuti akuba pa makhadi. Wamutsatira kuchipinda, ali ndi chikalata chosaka mkazi wovala nthenga, akuti makhadi ena asowa patebulo. Ekita wamba apa akanalira kapena kukwiya. Iyeyu ayi, akumuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ngati akufuna makhadiwo amusechedi, ndipo chimphona chija John Wayne, yemwe anali ndi zaka zopitirira 50 pomwe Angie anali asanakwane 30, chikusowa poika manja. Wakuba weniweni akupezeka kuti ndi mwamuna wina. Chomwe ndimawaonetsa ophunzira anga si mawuwo koma kathamangidwe kake, amayankhula mwachangu, kudzidula yekha pakati, kuyamba chiganizo china chisanathe choyamba, ngati munthu yemwe pakamwa pakuthamanga kuposa mutu, pomwe Wayne amayankhula mokoka ngati akuwerenga ndalama. Awiriwa akakumana siini imakhala ndi moyo chifukwa wina ndi ng'oma yaikulu wina ndi kang'oma kothamanga. Akanati atengere kayankhulidwe ka Wayne bwenzi atamira.

Pali pena sherifu atapanidwa ndi anthu atatu panja pa hotela, mfuti yake ili patali. Feathers akuponya mphika wa maluwa pawindo kuti zigawenga zicheuke, kamnyamata kaja n'kumuponyera sherifu mfuti. Zikatha Feathers akumwa mowa mpaka kuledzera, akubwebweta, kuseka ndi kulira pamodzi poti anthu afa ndipo iye waikapo dzanja. M'filimu yonseyo yodzaza ndi mitembo ndi iye yekha yemwe akuoneka kuti imfa yamukhudza. Sanawombere ngakhale chipolopolo chimodzi. Chaka chotsatira Angie anapatsidwa Golden Globe, mphoto ya mafilimu ndi TV ku America, ya ekita watsopano.

Mungaganize kuti apa zinthu zinayera. Aaa, pang'ono chabe. Nthawi imeneyo ekita amakhala pa kontrakiti ndi situdiyo, amalandira malipiro koma filimu amasankha ndi mabwana, iwe ukakana amakuimitsa. Iye anali ku Warner Bros. ndipo mu 1960 anamuika mu Ocean's 11 ngati mkazi wa Frank Sinatra, masiini ochepa, amuna 11 akukaba ku Las Vegas iye akudandaula za banja. Mu 1961 anatsogolera The Sins of Rachel Cade, namwino wa mishoni ku Congo ya Abelijiyamu, pamodzi ndi Peter Finch ndi Roger Moore asanakhale James Bond, koma ndi filimu ija Afirika amangokhala khoma lakumbuyo pomwe azungu akukondana kutsogolo, sindingakulimbikitseni kuisaka. Mu 1963 namwinonso mu Captain Newman, M.D. pambali pa Gregory Peck, mu 1966 mkazi wa sherifu Marlon Brando mu The Chase. Mwaona mndandandawo eti? Mkazi wa uje, namwino wa uje. Zikakugwera zimenezi si kuti sutha ntchito, ndi kuti waitha bwino kamodzi ndiye aliyense wolemba anthu akafuna mkazi wokongola wolimba mtima woima pambali pa ekita, dzina lako ndi lomwe limabwera msanga, ndipo palibe yemwe amafuna kuika ndalama zake pa kuyesa.

Mafilimu a zigawenga ndi omwe anamupatsa nyama yoti atafune. The Killers ya mu 1964, dairekita Don Siegel, inapangidwa kuti ionetsedwe pa TV koma anaiona kuti ndi yankhanza kwambiri n'kuipititsa ku sinema. Umu Angie ndi mkazi wachinyengo yemwe akumupusitsa John Cassavetes, ndipo bosi wa zigawenga yemwe akumumenya mbama ndi Ronald Reagan, inde yemwe uja anadzakhala pulezidenti wa America mu 1981, iyi inali filimu yake yomaliza. Koma siini yomwe ndimaikonda ili mu Point Blank ya mu 1967, dairekita John Boorman. Lee Marvin ndi munthu wouma mtima yemwe akungofuna ndalama zake zomwe anamubera, wamugwiritsa ntchito mayi yemwe akuseweredwa ndi Angie ngati nyambo. Ndiye mayi uja zamukwana, akuyamba kumumenya, mbama, zibakera pachifuwa, chikwama, kumenya mpaka mphamvu kutha n'kugwa pansi yekha, bamboyo angoima ngati chitsa, kenako kukonza jekete n'kukayatsa TV. Palibe mzere wofunika pamenepo. Nkhani yonse ya filimu, yoti munthuyu mkati anafa kalekale, yanenedwa ndi thupi la Angie lotopa lija. Ophunzira anga ndimawauza kuti ayese kumenya pilo ndi mphamvu zonse kwa mphindi imodzi aone mmene mpweya umathera, kutopa koteroko sungakunamizire.

Tsopano kufika m'ma 1970 anali atadutsa zaka 40, ndipo ku Hollywood msinkhu umenewu kwa mkazi unali ngati belu loweruka, mwamuna wa zaka 55 akupitiriza kukhala ekita koma amupezera mtsikana wa 25. Mu 1974 anavomera kukhala mlendo m'gawo limodzi la Police Story, ntchito yomweija ankagwira zaka 20 m'mbuyomo, anasewera wapolisi wamkazi. Anthu anaikonda moti kanema wa NBC anaganiza zomupangira pologalamu yakeyake. Police Woman inayamba mu September 1974 iye akukwanitsa zaka 43, inayenda mpaka 1978, magawo 91. Anali Sajeni Pepper Anderson wa polisi ya Los Angeles, mnzake wa pantchito ndi Earl Holliman. Mu 1975 anatenga Golden Globe ndipo anasankhidwa katatu kupikisana pa Emmy, mphoto za pa TV.

Ena amalemba kuti anali mkazi woyamba kutsogolera pologalamu ya apolisi, izi sizoona kwenikweni, Beverly Garland anatsogolera Decoy kale mu 1957. Chomwe Angie anachita ndi kuonetsa mabwana a TV kuti sewero la ola lathunthu la apolisi, mkazi ali patsogolo, likhoza kukoka anthu zaka zingapo ndi kubweretsa otsatsa malonda, poti kumeneko chilankhulo chomwe amamva ndi chimenecho. Cagney & Lacey, pologalamu ya apolisi awiri aakazi ya m'ma 1980, inapeza njira italambulidwa.

Koma ndisakunamizeni kuti pologalamuyi inali yangwiro. Pepper anali tekitivi wodzibisa, ndiye sabata ino ndi hule, sabata yamawa wovina m'bala, ina namwino, ina mkaidi, ndipo olemba ankakonda kwambiri zodzibisa zomuvula zovala, komanso kangapo konse mapeto ake anzake aamuna ndi omwe amathyola chitseko kudzamupulumutsa. Zimanditopetsa ndikamaonera. Chomwe chimandisangalatsa ngati mphunzitsi ndi chakuti gawo lotere ndi sewero mkati mwa sewero, Angie akusewera Pepper yemwe akusewera hule, ndipo owonera ayenera kuona onse awiri nthawi imodzi pomwe chigawenga chili naye m'chipindamo chikuona mmodzi yekha. Amachita ndi maso, pakamwa pakuseka nthabwala ya chigawenga koma diso lapita kale pachitseko kuwerenga kuti ndi masitepe angati. Akazi a m'bala onse aja ankasewera m'makauboyi ali mtsikana anadzamuthandiza apa.

Ntchito ya pologalamu ya sabata ndi sabata ndi yolemetsa, kulowa m'mamawa kutuluka usiku miyezi yambiri pachaka, ndipo wotsogolera amakhala pafupifupi m'siini iliyonse. Itatha anabwerera ku sinema ndi Dressed to Kill ya Brian De Palma mu 1980, ali ndi zaka 48. Ndi mayi wapabanja wosasangalala, ndipo pali chigawo chachitali m'nyumba yoonetsera zojambula momwe akutsatana ndi mwamuna wachilendo, wagwetsa gulovu, akumusaka chipinda ndi chipinda, mphindi zambirimbiri popanda kuyankhula, nkhope yokha ikusintha kuchoka pa chidwi kupita pa manyazi, mkwiyo, kenako mantha oti amutaya. Filimu isanafike ndi pakati pomwe munthu wake waphedwa mu lifiti, Michael Caine ndi ena akupitiriza, koma mufunse aliyense yemwe anaionera kuti akukumbuka chani. Ndi ya akuluakulu iyi, musaike ana ali pabalaza.

Pambuyo pake anapitiriza ndi magawo osiyanasiyana, Wild Palms pa TV mu 1993, agogo achidakwa osowa pokhala mu Pay It Forward mu 2000, ndipo mu 2001 atapanganso Ocean's Eleven ya George Clooney anamuitana kuti angooneka pang'ono m'gulu la oonera nkhonya. Anamaliza ndi filimu ya pa TV mu 2009.

Mtsikana wanga uja anabwera Lachisanu lake, sikiripiti anaitenganso. Mizere ikadali folo, sindinaonjezere. Koma pano akaika tiyi uja sachoka msanga, amaima kaye kuyang'ana lamba wa mfuti yemwe sajeni wakoleka pampando, kenako ndi pomwe amafunsa ngati abwereko msanga. Mnyamata wosewera sajeni wayamba kudandaula kuti anthu sakumuyang'ananso iyeyo.