Makoma Achitetezo Amene Anafooketsa Sitima ya Admella

M'zaka za m'ma 1850 panalibe njanji pakati pa Adelaide ndi Melbourne ku Australia. Apaulendo, ufa ndi mkuwa zinkadalira sitima zoyenda m'mphepete mwa nyanja. Imodzi mwa izo inali Admella, sitima yachitsulo yoyendera nthunzi, yomangidwa ku Port Glasgow m'dziko la Scotland mu 1857.

Chimene ife okonza sitima timaikumbukira nacho ndi makoma ake am'kati. Mimba ya sitimayi inagawidwa m'zipinda ndi makoma achitsulo kuti madzi akalowa mbali imodzi asasefukire kwina. Nzeruyo ndi yabwino, ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma kalelo kunalibe kuwotcherera pomanga sitima. Kuti khoma ligwire, amisiri ankaboola mzere wa mabowo kuzungulira thupi la sitima n'kukhomamo misomali yachitsulo. Pepala la m'buku la malisiti limang'ambika pamene pali timabowo. Chitsulo nacho n'chimodzimodzi.

Admella inanyamuka ku Port Adelaide pa 5 Ogasiti 1859 motsogozedwa ndi Kaputeni Hugh McEwan, itanyamula anthu 113, mkuwa, ufa ndi mahatchi ampikisano. M'mbandakucha wa tsiku lotsatira inagunda matanthwe pafupi ndi Carpenter Rocks, ndipo pa mphindi zochepa inaduka patatu, m'mizere ya mabowo ija.

Mtunda unkaoneka ndithu, koma mafunde sanalole. Anthu anakakamira chidutswa chakumbuyo kwa sitima sabata yathunthu, m'nyengo yachisanu, madzi akumwa alibe, milomo itang'aluka ndi mchere, anzawo akugwera m'nyanja mmodzimmodzi. Amalinyero awiri, John Leach ndi Robert Knapman, anafika kumtunda pa matabwa omangamanga n'kuyenda usiku wonse mpaka ku nyumba ya nyali yowongolera sitima ya ku Cape Northumberland. Uthenga unatumizidwa pa telegalafu kuchokera ku tauni yapafupi ya Mount Gambier. Pa 13 Ogasiti bwato lopulumutsira anthu la ku Portland, lomwe linakokedwa ndi sitima ya Ladybird, linatenga ambiri mwa otsalawo. Anapulumuka 24 okha, wamkazi mmodzi yekha, Bridget Ledwith. Anthu 89 anafa.

Ofufuza ngoziyi anapeza kuti madzi oyenda mwamphamvu ndiwo anakankhira sitimayo kumatanthwe, ndipo anadzudzulanso kakhomedwe ka makomawo. Kuona kwanga, mfundo yachiwiriyi ndiyo yopweteka kwambiri, chifukwa thupi likanakhala lathunthu ngakhale kwa maola ochepa, anthu akanapeza mpata wotsitsa mabwato mwadongosolo.