Nthambo yachiwiri ikhoza kugwetsa netiweki yonse

Tsiku lina m'mawa anandiitana ku ofesi ina kuno ku Chipata. Makompyuta onse anali atauma, printa osayankha, chonsecho intaneti analipira. Nditatsegula kabati, timalaiti tonse ta pa switch tinali kuphethira pamodzi mothamanga. Ndinafunsa ngati wina anagwirapo. Mnyamata wina anayankha mwaulemu: "Bwana, dzulo ndinawonjezera nthambo yachiwiri yopita ku switch ya ku akaunti, kuti ina ikaduka ntchito isaime." Nditazula nthamboyo, zonse zinadzuka pasanathe mphindi imodzi.

Mnyamatayo anaganiza bwino. Switch ndi kabokosi komwe nthambo za makompyuta zimakumana, ndipo nthambo yoilumikiza ku switch yaikulu timaitcha uplink. Kudalira uplink imodzi kuli ngati mmene Great East Road imadalirira mlatho wa pa Luangwa: utatsekedwa, ku Lusaka kwatalika. Cholakwa chake chinali kungobaya nthambo osaiuza kanthu switch.

Kompyuta ikamafuna inzake imakuwa kwa onse, ngati wolengeza uthenga wa mfumu m'mudzi. Switch imatenga mfuuyo n'kuitulutsa pa nthambo zonse kupatula imene yadzera. Tsono pakakhala nthambo ziwiri pakati pa ma switch awiri, uthenga umapita pa iyi n'kubwerera pa inzakeyo, kenako kupitanso. Uthenga wa Ethernet, njira imene makompyuta amalankhulirana pa nthambozi, ulibe chowerengera choti ufe ukazungulira kwambiri, choncho watsopano aliyense amangowonjezeka pa akale mpaka nthambo zadzaza. Timati broadcast storm.

Mankhwala ake anapezedwa mu 1985 ndi mayi Radia Perlman, ndipo dzina lake ndi Spanning Tree Protocol, mwachidule STP. Ma switch amakambirana, amasankha mtsogoleri wotchedwa root bridge, kenako amagoneka nthambo imodzi mpaka inzake itafa. Dziwani kuti yogonayo siwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. STP yakale imatha masekondi 30 mpaka 50 kuti iidzutse, nthawi yokwanira kudula foni kapena malipiro a pa kauntala. RSTP, STP yofulumira ya mu 2001, imachita izi m'masekondi ochepa, ndipo ndi imene ndimayatsa ine. Timaswitch totchipa tongobaya n'kuyamba ntchito, tambiri tilibe zonsezi. Pa totere musayese nthambo ziwiri.

Za mtsogoleri zija ambiri amaiwala. Utsogoleri umapita kwa switch ya nambala yotsika. Ma switch amabwera ndi nambala ya 32768, ndipo onse akafanana amapambana amene adiresi yake ya MAC (nambala imene chipangizo chimabwera nayo kuchokera ku fakitale) ili yaing'ono, nthawi zambiri wakale kwambiri. Ufumu umagwera kaswitch kafumbi ka kuseri kwa shelefu, katundu yense n'kumazungulira kumeneko. Switch yanu yaikulu ipatseni nambala yotsika, monga 4096.

Mukafuna kuti nthambo zonse zizigwira ntchito nthawi imodzi, zimangeni mtolo ndi LACP, njira imene ma switch amagwirizanira kuti nthambo zingapo zikhale ngati imodzi. Muikonze mbali zonse ziwiri musanabaye nthambo yachiwiri, liwiro la nthambozo likhale lofanana, ndipo zithere pa switch imodzi, pokhapokha ngati ma switch anuwo amatha kumangidwa kukhala ngati amodzi. Apa ndi pomwe mabwana amakhumudwa: nthambo ziwiri za liwiro la 1 Gbps iliyonse sizisamutsa fayilo imodzi pa 2 Gbps. Fayiloyo imadzera nthambo imodzi basi. Phindu limaoneka anthu akachuluka.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri sichili m'kabati. Ndaonapo nthambo ziwiri zitakwiriridwa mu ngalande imodzi, mu paipi imodzi. Khasu la wolima maluwa silisankha, ndipo khoswe wa m'denga akayamba imodzi amamalizanso inzake. Zidutseni njira zosiyana. Malaiti nawonso: amene anavutika ndi kuzimazima kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti ma uplink awiri pa soketi imodzi yopanda batire amafera limodzi. Pakati pa nyumba ziwiri ikani fibre. Nthambo ya kopa malire ake ndi mamita 100, ndipo m'dzinja mphezi ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kudzera m'kopayo n'kuwotcha ma switch a mbali zonse.

Palinso msampha wachete. Uplink yoyamba ikafa yachiwiri n'kunyamula ntchito, palibe amene amadandaula, ndiye mumatha miyezi mutabwerera pa nthambo imodzi osadziwa. Switch ikonzeni kuti izitumiza uthenga nthambo ikagwa.

Ku ofesi kuja tinabwerera Loweruka anthu ataweruka. Tinayatsa RSTP, nthambo yachiwiri tinaidutsa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinauza mnyamata uja kuti azule yoyamba ndi dzanja lake ine ndikuyang'ana pa laputopu ping, pulogalamu imene imalemba mzere nthawi iliyonse kompyuta ina ikayankha. Anazengereza pang'ono asanakoke. Mizere iwiri inasowa, wachitatu unabwera.