Maphunziro a Chitetezo kwa Onse Ogwira Mankhwala Ophera Tizilombo ku Zomba

Mankhwala amene timapopera tomato ndi kabichi m'madimba, amene timathira polimbana ndi mbozi za m'chimanga, ndiponso otetezera chimanga ku anankafumbwe, onsewa ndi poizoni amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'maso, m'kamwa ndi popuma. Chodandaulitsa n'chakuti alangizi akaitanitsa maphunziro, kawirikawiri amapita ndi mwini munda, pamene wosenza sipuleya kumsana ndi waganyu, ndipo wochapa zovala zonyowa ndi mankhwalazo ndi mayi wa pakhomo. Anthu amenewa ndiwo ayenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa.

Lamulo la 1997 lokhudza chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limalamula olemba ntchito kuphunzitsa antchito awo za kuopsa kwa zimene akugwira, komanso kuwapatsa zovala zodzitetezera popanda kuwalipiritsa. Wophunzitsidwa bwino amawerenga lebulo asanatsegule botolo, ndipo amadziwa kuti mzere wofiira umasonyeza poizoni woopsa kwambiri. Amavala ovololo, magolovesi, magambutsi ndi chophimba pakamwa ndi mphuno, makamaka posakaniza, chifukwa pamenepo mankhwala amakhala asanasungunulidwe. Sapopera dzuwa lili paliwombo kapena moyang'anizana ndi mphepo, sadya kapena kusuta ali pantchito, ndipo kamlomo ka sipuleya kakatsekeka sakauzira ndi pakamwa, chizolowezi chimene chimaoneka chaching'ono koma chimalowetsa poizoni m'thupi mwachindunji. Gulani mankhwala ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board okha, osati oyezedwa m'timapepala pamsika.

Musathire mankhwala m'botolo la zakumwa, pakuti mwana sangasiyanitse. Chigubu chikatha, chitsukuluzeni katatu, madziwo muwathire mu sipuleya, kenako muchiboole kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungiramo thobwa. Musatsukire sipuleya mumtsinje: Likangala ndi Domasi imathira m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi komweko kumene kumachokera matemba amene timadya.

Munthu akayamba kumva mutu ndi chizungulire, kutuluka thukuta ndi malovu ambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kuona mwachimbuuzi kapena kubanika atagwira mankhwala, musadikire kuti muone mmene kuchere. Mchotseni pamalopo, mumuvule zovalazo ndi kumusambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, inunso mutateteza manja anu. Ngati mankhwala agwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Ambiri amathamangira kumumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa, koma mkaka suchotsa poizoni, ndipo masanzi angathe kulowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Zomba Central Hospital mutatenga botolo kapena lebulo lake, kuti achipatala adziwe msanga mtundu wa poizoniyo ndi chithandizo choyenera.