Sensa ilibe mlandu, vuto ndi mpweya wolowera kuseri

Ndatopa kumva mawu akuti "amakaniko, ndisinthireni sensa, yapsa." Pagalaja panga pano pa Kamuzu Road pali katoni yodzaza masensa a mpweya amene eni galimoto anandiumiriza kuchotsa, ndipo ambiri mwa iwo alibe vuto. Nkhani imayamba mofanana nthawi zonse. Munthu wapita ku Lilongwe, wagula fyuluta ya mpweya yofiira yonga chipewa ija ndi paipi yake yonyezimira, wachotsa bokosi la mpweya lomwe galimoto inabwera nalo kuchokera ku Japan, ati injini ipume bwino. Kulira kwasinthadi, ndipo anzake pasiteji amuyamikira. Pakutha sabata galimoto yayamba kunjenjemera ikaima, kuzima yokha pamphambano, ndipo kanyali kachikasu ka injini kayaka.

Sensa imeneyi, yomwe timaitcha MAF, ili ndi kawaya kopyapyala kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umaziziritsa kawayako, ndipo kompyuta ya galimoto imadziwira pamenepo kuchuluka kwa mpweya wolowa, nkupereka petulo wolingana nawo, pafupifupi gawo limodzi la petulo pa magawo 14.7 a mpweya poyeza kulemera. Tsono mpweya uliwonse wolowa kuseri kwa sensa, kaya pakamng'alu kaya pakilampu yosamanga bwino, kompyuta siuwerenga. Zili ngati pamaliro: ophika awerenga anthu olowera pachipata, ena alowera kudimba, nsima yachepa. Injini imalandira mpweya wambiri petulo wochepa, ndipo injini yotere imatentha kwambiri mkati.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pomwe sensa imakhala papaipi. Pagalimoto za Toyota monga Sienta, Vitz ndi Probox, sensa imalowa pabowo nkumangidwa ndi timasikuluwu tiwiri, ndipo chotseka mpata ndi kamphete ka labala kotchedwa O-ring. Kamphete kakale kamakhala kataphwatalala ndi kuuma, ndipo pabowo la paipi yatsopano sikagwira. Nthawi zina bowolo ndi lalikulu pang'ono, kapena pokhalira sensa mpokhota chifukwa wowotcherera anachita mothamanga. Mukagwira sensa ndi zala ziwiri nkumva ikugwedera, musafunsenso kwina.

Apa ndi pamene amakaniko a pansi pa mtengo amathamangira silikoni. Chonde, silikoni ayi. Imafinyikira mkati mwa paipi, nthunzi yake imakuta kawaya ka sensa, ndipo mitundu ina, makamaka yonunkha ngati viniga ija, imakawononganso sensa ya okisijeni ya ku ekizozi. Ndaonapo sensa yomangidwa ndi malegeni, ina yomatidwa ndi supagulu, ina yokulungidwa ndi tepi ya magetsi yomwe dzuwa la Okutobala kuno ku Salima linaisungunula nkukhala phala. Chofunika ndi kamphete katsopano koyenerana ndi bowolo, kolowa mothina pang'ono, pokhalira posalala, ndi masikuluwu omangidwa mosinthana pang'onopang'ono. Sensa ndi ya pulasitiki, mukalimbitsa ngati mukumanga tayala imang'aluka khutu. Onaninso kuti yayang'ana kumene mpweya ukuchokera, chifukwa yolowetsedwa chambuyo ndinaipezapo kale.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala. Ankayendetsa Sienta ya injini ya 1NZ yoikidwa fyuluta yofiira ija, kunyamula anthu pamsewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Anabwera masana ena anthu ali kale m'galimoto, mayi wina atafungata beseni la usipa. Nditalumikiza makina a dayagonosisi, owerenga mavuto mu kompyuta ya galimoto, panatuluka nambala ya vuto yakuti P0171, kutanthauza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo kompyuta inali ikuwonjezera petulo kupitirira 20 peresenti pofuna kubweza mpatawo. Nditaunika ndi tochi ndinaona silikoni yofiira itatuluka m'mbali mwa sensa ngati phula.

"Achimwene, galimotoyi igone pano," ndinatero.

"Bwana, tangozimitsani kanyaliko, abwana anga akufuna ndalama ya lero. Loweruka ndibwera."

Ndinafufuta nambala ya vuto ija, ndinamanga kilampu imodzi, ndinamulola kupita. Chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero. Loweruka silinafike. Wina ku Dwangwa anamugulitsa sensa ya pamsika, wina anamusinthira mapulagi, winanso anamuuza kuti ndi petulo wa m'zigubu. Patapita miyezi ingapo galimoto inabwera mokokedwa ndi chingwe, vavu imodzi ya ekizozi itapsa nkubenthuka m'mphepete. Ntchito ya kamphete kotsika mtengo kuposa fanta ndi mandasi inasanduka yotsegula mutu wa injini, ndipo ntchito ya udalaivala inamuthera pomwepo.

Palinso china chimene ngakhale mutamata bwino chotani sichikonzeka. Sensa imayeza kampweya kochepa kodutsa pa iyo, ndipo kompyuta imawerengera kotsalako potengera kukula kwa paipi ya kufakitale. Mukachoka papaipi ya mamilimita 60 nkupita pa ya 76, mpata wakula kupitirira theka, mpweya ukuyenda pang'onopang'ono pasensa, ndipo kompyuta ikunamizidwa ngakhale palibe pothawira mpweya. Sensa yoikidwa pafupi kwambiri ndi pokhota paipi nayonso imawerenga zosokonekera chifukwa mpweya umafikapo ukuzungulira. Wogulitsa sakuuzani zimenezi. Muyeze nokha mkati mwa paipi yakale musanapereke ndalama.

Za mafuta opaka pafyuluta yofiirayo kuti igwire fumbi ndingonena mwachidule: mukachulutsa, amauluka nkukakhala pakawaya, fumbi la msewu wa ku Lifuwu nkumatirira pomwepo. Tsukani sensa ndi sipule yake yolembedwa MAF, osati petulo, osati sipule ya kabureta, ndipo kawayako musakakhudze ndi kanthu, ngakhale thonje. Idikireni iume musanaibwezere.

Kuyesa ngati pakuthawa mpweya sikovuta. Ife timapopera utsi m'paipi injini itazima nkuona pomwe ukutulukira. Popanda makina opopera utsi, makaniko wodziwa amayang'ana pamakina a dayagonosisi manambala a petulo wowonjezeredwa aja: akakhala okwera injini ikungolira poima, nkutsika mukaponda moto, mpweya ukulowera penapake kuseri kwa sensa. Wongofufuta kanyali osakuonetsani manambala amenewa, mufunseni kuti wakonza chiyani.

Anthu amandifunsa ngati fyuluta yofiirayo imawonjezeradi mphamvu. Pa Vitz yonyamula matumba a mpunga, ine sindinaonepo kusiyana kupatula phokoso, ndipo ikakhala pafupi ndi injini imakoka mpweya wotentha m'malo mwa wozizira womwe bokosi lakale linkatenga kutsogolo. Ikaikidwa m'munsi, nthawi ya mvula imamwa madzi powoloka pamene msewu wasefukira, ndipo madzi akalowa m'silinda amapinda ndodo ya pisitoni. Bokosi lakale lija musagulitse. La mnyamata wa Sienta tinakalipeza kwawo ku Benga, nkhuku ikuikiramo mazira, ndipo ndi lomwelo tinabwezeramo.